Mavalavu a Alamu Anga

Ana anga, za ubwana wanga mukafunse azakhali anu a Esinati, ndiwo amakumbukira amene ankaba mango a eni. Ine ndiyambira pa ntchito. Mwakhala mukundiseka kuti ndimayenda ndi mita yoyezera magetsi m'thumba la jekete ngakhale popita kumaliro. Sekani ndithu, koma mukamaliza mutu uno mudziwa kuti mitayo ndinachedwa kuyamba kuyenda nayo.

1973, Ndola

Ntchito yanga yoyamba inali pa shopu yokonza mawailesi m'tauni ya Ndola. Bambo anga anali kalaliki wa pamgodi ndiponso mkulu wa mpingo, ndipo ankafuna kuti nanenso ndigwire cholembera. Koma ine ndinabadwa ndi matenda ofuna kuona za m'kati mwa chinthu chilichonse. Wailesi ya kunyumba ndinaimasula kawiri, ndipo kachiwiriko sinalankhulenso. Bambo anangoti, popeza waipha, pita ukaphunzire kuukitsa zinzake.

Kapitawo wathu anali a Nyirenda, munthu wamfupi wochokera ku Malawi ngati makolo anga, wosaseka wamba. Chinandidabwitsa tsiku loyamba n'chakuti pogwira ntchito dzanja lawo lamanzere linkakhala m'thumba la ovolosi, ngakhale akulankhula ndi mwini shopu. Kwathu kupisa m'thumba pamaso pa wamkulu unali mwano woti ungagone nawo ndi njala. Ndinkafuna kufunsa koma ndinkaopa. Yankho linabwera lokha sabata yachiwiri, pamene a Nyirenda anandipatsira sikuludiraiva pamwamba pa wailesi yotsegula, yoyaka. Ine ndinalandira ndi manja awiri monga anandilerera amayi. Dzanja lina linakhudza waya, lina chitsulo cha m'mbali, ndipo ndinangopezeka ndili pansi, m'kamwa mukumveka ngati ndanyambita khasu.

"Wadzuka, Phiri?" anatero a Nyirenda osatekeseka n'komwe. "Ulemu wako uziusiya panja pamodzi ndi njinga. Magetsi akalowa dzanja ili n'kutulukira linali, njira yake ndi pamtima. Muno dzanja limodzi limagwira ntchito, lina limakhala m'thumba."

Chaka chomwecho ndi pamene analowa m'shopumo mnyamata wachibemba dzina lake Chileshe, tsitsi ngati chitsamba, thalauza yosesa msewu. Ankaimba gitala m'mabala a ku Masala, komboni ya mu Ndola momwemo. Anasenza ampulifaya yakuda yochokera ku Mangalande, imene anagula kwa mzungu wina wa pamgodi amene ankabwerera kwawo. A Nyirenda ataitsegula ndinaona mavalavu awiri akuluakulu, ngati timabotolo tagalasi toimirira, ndi ena ang'onoang'ono pambali. Akuluwo anali atatha, ndipo tinaika atsopano. Ine ndinati basi ntchito yatha, koma a Nyirenda anati ndiye ikuyamba kumene, chifukwa valavu yatsopano siiyendetsedwa usanatchere bayasi.

Ndikufotokozereni bayasi monga anandifotokozera iwo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mavalavu akuluwo amadya magetsi ngakhale gitala ili chete, monga mbaula imadyera makala ngakhale palibe poto. Bayasi ndiwo muyeso wa moto wa pa nthawi yacheteyo. M'kati mwa ampulifaya muli kagudumu kakang'ono kamene umapotokola ndi sikuludiraiva, maso ali pa singano ya mita. Ukatsitsa kwambiri, mavalavu amakhala ozizira ndipo amakhalitsa, koma mawu amatuluka ouma, okanda m'makutu. Ukakweza, mawu amanona. Ukapyola muyeso, chitsulo cha m'kati mwa galasi chimafiira ndipo valavu imafa. Umayatsa, n'kudikira kuti zitenthe bwino, voliyumu ili pansi, sipika yolumikiza. Umapotokola pang'ono, n'kudikiranso, chifukwa singano imapitiriza kukwawa yokha utasiya kale. Ine ndinkafulumira, ndipo a Nyirenda ankandimenya kumbuyo kwa dzanja amvekere, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumbuyo kwa ampulifayayo kunalinso kapulagi kosankhira mphamvu ya magetsi a pakhoma, kokhala ndi mabowo olembedwa 220, 240 ndi 250. A Nyirenda anayeza soketi ya m'shopu, napeza kuti magetsi athu ndi ofooka, nakaika pa 220. Ndinaona ndi maso angawa, koma mtima wanga wonse unali pa singano ija. Itaima pa 35, analemba nambalayo ndi pensulo m'kati mwa chitsulo, n'kuuza Chileshe kuti ayese. Anakhudza nsambo kamodzi kokha, mawu aja anatalika, kunjenjemera, osafuna kutha, mpaka amayi ena odutsa panja anaima.

"Apo pene, ba shikulu!" anakuwa Chileshe m'Chibemba chake, kutanthauza kuti pamenepo ndiye pake. "Musagwirenso!"

Tsikulo n'limenenso mlongo wanga Esinati anandibweretsera chakudya kushopu. Chileshe anachoka ndi ampulifaya tsiku lomwelo, ndipo mlongo wanga anamutenga patapita zaka ziwiri. Bambo anakana mpaka kutopa, amvekere mwana wa mkulu wa mpingo sangakwatiwe ndi woimbira oledzera. Koma Esinati akanena kuti iyayi, ngakhale bambo ankadziwa kuti yatha. Kuyambira pamenepo Chileshe anakhala alamu anga, ndipo ampulifaya ija inakhala ngati mwana wa m'banja, wodwala n'kubwera kwa ine.

1981, Kitwe

Mwini shopu atatsegula nthambi ku Kitwe ananditumiza kumeneko. Bwana wanga watsopano anali a Bwalya, munthu wa tayi, wophunzira bwino, wokhulupirira kuti chilichonse chokhala ndi valavu chiyenera kupita kudzala. Sanali woipa mtima, kungoti ankakonda zatsopano monga ena amakondera mpira. Shopu yathu inali pafupi ndi anthu owotcherera zitsulo, moti akayatsa makina awo mababu athu ankatsinzina. Chaka chotsatira mpingo unandisankha kukhala mkulu, wamng'ono pa onse, ndipo sindibisa, ndinkayenda ngati ndameza ndodo.

Nthawi yomweyo alamu ndi gulu lawo anapeza malo abwino oimbirako Loweruka lililonse, ku holo ya kalabu ya anthu a pamgodi, kufupi ndi Nkana West. Anasamukira ku Kitwe ndi banja lonse. Ndipo apa ndi pamene ampulifaya ija, imene ku Masala inkatha zaka ndi mavalavu amodzimodzi, inayamba kuwadya ngati mtedza. Miyezi itatu, inayi, alamu atulukira pakhomo la shopu, mavalavu atada ngati galasi la nyali. Ndinkaika ena, kutchera pa 35, kuisiya yoyaka tsiku lonse pa tebulo langa. Singano osasuntha, chitsulo osafiira. Ikapita, ibwerenso yakupsa.

Chinthu ichi chinandizunguza mutu kuposa china chilichonse pa ntchito yanga. Ndinkadya ndikuchiganiza, ngakhale ulaliki uli m'kati ndinkajambula mawaya kumbuyo kwa pepala la nyimbo. Ndinasintha tizipangizo tonse timene ndinkatikayikira. Ndinayeza sipika, ndinayeza waya wa gitala, ndinafika poganiza kuti mwina ndi mabampu a pamsewu poinyamula. Zonse zitakanika ndinayamba kuloza chala alamu, kuti mumakweza kwambiri voliyumu kuti atsikana akuoneni.

"Awe, ba mulamu, nilizira chimodzimodzi monga ku Masala," anatero iwo. "Bwerani Saturday mumvele mweka. Tiyamba fifitini awazi, kukali kowala, mubwerera ku nyumba na dzuwa."

"Ine mkulu wa mpingo, ndilowe m'malo a mowa? Anthu akandiona ndikutuluka mmenemo adzakhulupirira kuti ndinakamvera ampulifaya?"

Anaseka, n'kunena kuti ife a kum'mawa timaopa anthu kuposa Mulungu. Anandiitana kangapo konse kuti ndikadzimvere ndekha, ine ndinakana kangapo konse. Pa zaka zonse zimene alamu anga anaimba, sindinawamvepo akuimba pamaso pa anthu ngakhale kamodzi.

1984, Kitwe

Inu munazolowera mashopu odzadza, simungamvetse bwino zaka zimenezo. Sopo, mafuta ophikira, zonse zinali za pamzere, ndiye mukuganiza kuti valavu ya gitala ikanapezeka kuti? Ndinafufuza Kitwe yense, ndinatumiza uthenga ku Chingola ndi ku Luanshya, ndinamasula mawailesi akufa, koma za mtundu umenewo panalibe. Potsiriza ndinapita ku Ndola kwa a Nyirenda, amene anali atapuma ntchito ndipo ankamanga katundu kubwerera kwawo. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi sokosi yakale, m'kati muli mavalavu awiri atsopano. Anati ndi omaliza, ndipo sakudziwa ngati ku Copperbelt konse kwatsala ena. Ndinalandira ndi manja awiri, ndipo ulendo uno sanandikalipire.

A Bwalya atawaona anati ndisataye nthawi, tichotse za m'kati zonse tiike zamakono za matiranzisita, bokosi likhale lomwelo. Alamu atamva anati bola kuwadula chala. Kenaka kunabwera Esinati yekha, masana, mwana kumsana, n'kuima pakhomo la shopu osafuna kulowa. Ana anali anayi, ndipo chakudya cha m'nyumbamo chinkachokera m'bokosi lakuda lija basi.

"Achimwene, awa akapsanso tidya chiyani? Chitani chilichonse, koma asapse."

Ndinaika mavalavu aja, dzanja lina m'thumba, n'kutchera pa 35 monga mwa nthawi zonse. Ndinayang'ana singano nthawi yaitali. Ndinkadziwa kuti ndikaisiya pamenepo, miyezi inayi sikwana. Ndinkadziwanso kuti ndikawauza alamu kuti nditsitse, akana, kapena apita nayo kwa wina kuti aikwezenso. Ndiye ndinapotokola kagudumu kaja kubwerera m'mbuyo, singano n'kutsika kudutsa 30, kudutsa 25, mpaka pansi pa 20. Ndinatseka, osalemba kanthu ndi pensulo. Ndinadziuza kuti m'phokoso la anthu oledzera ndani angamve kusiyana kwake.

Anamva ndi mwiniwake. Lolemba lotsatira anafika osasenza kanthu, n'kukhala pa mpando wa makasitomala, chinthu chimene sankachita.

"Ba mulamu, mwaichita chani? Ilira monga chitini. Nikagwira nsambo, mawu yafa pamene apo."

"Ili pa nambala yake ya kale lomwe," ndinatero. "Mukafuna nditsegule muone pamene analemba a Nyirenda."

Limenelo linali bodza, ndipo ndinalinena nditavala baji ya mpingo pa kolala. Alamu sanandikayikire, poti ndinali ndisanawanamizepo. Anangotambasula manja awo n'kumawayang'ana, uku ndi uku, ngati a munthu wina. Kenaka anati, "Ninshi ni ine." Ndiye kuti vuto ndine. Anasintha nsambo, anabwereka gitala ya mnzawo, ankayeserera mpaka zala kutupa. Esinati ankandiuza kuti asiya kuimba zija zoimba okha pakati pa nyimbo, zimene anthu ankawakuwira nazo dzina, ndipo amangobisala kumbuyo kwa woimba ng'oma. Chaka chisanathe anasiya gululo, n'kupeza ntchito yoyendetsa lole, banja n'kubwerera ku Ndola.

Ine ndinapeza zodzitonthoza nazo zambiri. Magulu oimba ankatha ndithu masiku amenewo, malo ambiri atayamba kuliza matepi. Ntchito ya lole inali yodalirika, ana anaphunzira. Kumpingo anthu ankandigwira chanza kuti mapemphero anu ayankhidwa, alamu anu atuluka mumdima. Kuyamikako ndinkakulandira. Koma funso lija, loti n'chiyani chinkadya mavalavu, silinandichoke. Ndinapuma ntchito lili m'mutu.

Chaka chatha

Mukukumbukira ukwati wa mdzukulu wanga Tamanda. Holo imene munabwereka ndi yomwe ija ya kalabu, masiku ano amachitiramo maukwati ndi misonkhano. Munandituma m'mawa kuti ndikaone ngati zokuzira mawu zili bwino, ndipo aka kanali koyamba kuponda mmenemo, patapita zaka makumi anayi. Ndinaima pa nsanja ndikuyang'ana uku ndi uku, kuganiza kuti alamu ankaima pati. Pakona panali soketi yakale yachitsulo. Mwa chizolowezi chabe ndinatulutsa mita n'kuyeza. Inawerenga 252. Ndinayesa soketi ina, chimodzimodzi. Ndinaitana bambo wina wachikulire wosamalira malowo n'kumufunsa ngati magetsi akwera masiku ano.

"Awe mukwai, kuno ni so kuchokera kale," anayankha. "Tiransifoma ili kuseli kwa chipupa ichi. Nakulira pano, mababu yapsa lyonse, nthawi zonse."

Ndinakhala pa mpando wa mkwati. Ampulifaya ija inali pa bowo la 220 kuchokera tsiku limene a Nyirenda anaiika ku Ndola. Ku Masala magetsi anali ofooka, inkakhala bwino. Pa tebulo langa, pafupi ndi owotcherera aja, magetsi anali ofooka, inkakhala bwino. Ikafika muno inkamwa mopyola muyeso, ndipo 35 wanga uja ankakwera yekha kufika kumene sindinamuonepo. Mankhwala ake anali kusuntha kapulagi kaja mabowo awiri, ntchito yoti ngakhale Tamanda akanaigwira atavala velo. Ndikanabwera Loweruka limodzi lokha, dzuwa likali, ndi mita m'thumba, ndikanaona. Amati safunsa anadya phula, koma phula langa anadya ndi munthu wina. Munandiona ndikulira pa ukwatiwo mukumati agogo akondwa.

Sabata yotsatira ndinakwera basi kupita ku Kanini, kwa alamu ku Ndola, ndi chikwama cha zipangizo. Ampulifaya ndinaipeza pabalaza, atayalapo kansalu koluka, pamwamba pali TV. Alamu tsitsi lija linapita kalekale, zala zinapindika ndi nyamakazi. Ndinapempha kuti Esinati akhale pomwepo, n'kufotokoza zonse, za soketi, za kapulagi, za singano imene ndinatsitsa, ndi za bodza. Sindinachotsepo kanthu. Esinati anayamba kunena kuti ndi iye anandipempha, koma alamu anakweza dzanja kuti asiye.

"Iwe unapempha chakudya cha bana," anatero. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Fote yazi, ba mulamu. Nenzoganiza kuti Mulungu ananilanda manja chifukwa cha kuimbira mu mabala. Imwe bene ba church ndimwe mwenzokamba so." Ine maso anali pa simenti. "Mavalavu yanu mwasunga bwino. Nanga ine?"

Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Ndinayamba kutseka chikwama kuti ndizipita, koma iwo anauza Esinati kuti achotse TV.

Chinthu chogona zaka zonsezo suchidzutsa mwadzidzidzi. Ndinasintha tizipangizo timene tinauma, n'kuyatsa kudzera pa babu kuti ngati pali cholakwika liwale babulo m'malo mopsa ampulifaya. Ndinayeza soketi ya pabalaza, n'kusuntha kapulagi kupita pa 240. Mavalavu a m'sokosi aja anayaka bwinobwino ngati agulidwa dzulo. Pensulo ya a Nyirenda inali ikuonekabe. Ndinapisa dzanja m'thumba, n'kukweza pang'onopang'ono mpaka singano inaima pa 35. Gitala inali ndi nsambo zadzimbiri, imodzi yoduka. Alamu anaiika pa bondo, zala zikukana kupinda, n'kukhudza kamodzi. Mawu aja anabwera, aatali, onjenjemera, omwe aja anaimitsa amayi pamsewu ku Ndola. Esinati anathawira kukhitchini.

Anaimba pang'ono, molakwitsalakwitsa, kenaka anaika chikhatho pa nsambo. "Onjezani."

Ndinakweza kufika pa 40. Anayesanso, mutu atapendeketsa. "Onjezani futi."

"Alamu, apa tapyola. Sakhalitsa, apsa."

"Tiyasungira ndani?"

Ndinapotokolanso, maso ali pa galasi kuona ngati chitsulo chiyamba kufiira. Singano inakwawa n'kuima pa 44. Zaka zonse za ntchito yanga sindinalolepo ampulifaya ya mtundu umenewo kutuluka m'manja mwanga ili pamenepo. Alamu anakhudza nsambo, n'kutsinzina.

"Apo pene," anatero motsitsa mawu. "Musagwirenso."

Ndinatenga pensulo n'kulemba 44 pansi pa 35 wa a Nyirenda, n'kutseka.

Mavalavu amenewo sindikudziwa ngati afika chaka chamawa. Iwe Dalitso, amene umadziwa kuitanitsa zinthu pa foni, ndakulembera mtundu wake kumbuyo kwa kope lino, uyambiretu kufufuza. Ndipo musamandifunefune Loweruka masana, mukudziwa tsopano kumene ndimapita. Ngati anandikhululukira sanandiuze, nanenso sindinafunse. Ndikafika pa geti nthawi ili fifitini awazi, ndimapeza ampulifaya yatentha kale, mpando wanga auika patsogolo penipeni pa sipika. Alamu sapereka moni wautali. Amangoloza mpandowo ndi mutu wa gitala, amvekere, "Nkhalani apo, ba mulamu. Mumvele mweka."